Vinyo Woyenda Kumanzere

Ntchito yanga moyo wonse inali yoperekera zakudya patebulo. Ndinayambira ku Beira ndili mnyamata wopanda ndevu, m'kalabu ya Angerezi pafupi ndi doko, ndipo ndinamalizira pa hotela ina ya kunyanja kwathu kuno, mutu utachita mbuu. Sindinabepo supuni. Sindinayankhepo bwana mwachipongwe. Sindinamwepo zotsala m'galasi la munthu. Ndanena izi poyamba kuti zimene zikubwerazi zimveke.

Pa zakumwa zonse zimene ndinanyamula, chimodzi chinali ndi mwambo wakewake. Ndi vinyo wa kwa Apwitikizi, wofiira moderako ngati magazi ogwirana, wotchedwa poti. Sabwera ndi nyama, sabwera ndi nsomba. Amabwera pomaliza, mbale zonse zitachotsedwa, nyenyeswa zitasesedwa pansalu. Weta amamutsanula pang'onopang'ono kuti masese atsale pansi, n'kumuika m'botolo lina la galasi loyera, la mimba yaikulu ndi khosi lalitali. Botolo limenelo amaliika kutsogolo kwa mwini tebulo. Akatero weta amatuluka n'kutseka chitseko. Sathirira munthu. Okhala patebulo amapatsirana okha, aliyense kukankhira botolo kwa mnzake wa kumanzere mpaka litazungulira. Silibwerera kumanja.

Kukankha koyambako ndinkakuona pamene ndikukoka chitseko. Zotsatira ndinkangozimva kunja: kuseka, mipando kukwekwesa pansi, mawu kukwera. Pochotsa magalasi, anzanga a kukhitchini ankalimbirana timadontho totsala. Ine ayi. Ndinalumbira mumtima kuti vinyo ameneyu ndidzamulawa nditakhala pampando, botolo litandipeza kuchokera kwa mnzanga wa kumanja monga limapezera anthu. Apo ayi, ndidzafa osamudziwa.

Zaka zinapita. Ndinapuma ntchito, ndinabwerera ku Benga kukalima chinangwa ndi mpunga. Lumbiro lija linazirala ngati chipsera chakale chimene umachikumbukira posamba pokha.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna mmodzi. Bambo wake anamira panyanja nthawi ya mwera mwanayo akukwawa, ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo ndi wa atsibweni ake. Ndinamulera ine. Anaphunzira ndi manja angawa onyamula mathireyi, mpaka anafika kumene ine wa Sitandade 4 sindinalotepo. Pamene zipani zambiri zinkabwera, mphwangayo anali kale ndi chigayo cha mpunga kuboma, galimoto yoyera, ndi kamimba kongoyamba kutuluka.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambirizo, titangomaliza kumweta mpunga, anabwera kumudzi. Anandipeza pakhonde ndikusenda chinangwa chokaviika. Ananjuta bwinobwino, n'kundipatsa moni monga ndinamuphunzitsira. Kenaka anafotokoza. Hotela imene ndinapumira ntchito ija inagulidwa ndi Mpwitikizi wina wochokera ku Mozambiki. Mzunguyo anali atapita kwawo kwenikweni, kwa Apwitikizi, kukaona abale, ndipo anaitana akuluakulu a paboma amene ankamwa pahotela yakeyo kuti amutsatire nthawi yokolola mphesa, akaone kumene vinyo uja amapangidwa ndi kumulawa m'nyumba zake zosungira. Malo analipo khumi. Anthu asanu ndi anayi anali atapezeka. Koma ankaopa kukachita manyazi patebulo la eni dziko, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa Chipwitikizi.

"Malo otsalawo ndi anu, atsibweni," anatero. "Mutiphunzitse za patebulo, ndipo kumeneko mukatiyankhulira."

Ndinamufunsa kuti ndipita ngati ndani, wonyamula masutikesi kapena.

"Ngati mmodzi wa ife. Zinthu zinasintha, atsibweni. Zoima kumbuyo kwa mipando zija zinatha."

Ndinapitiriza kusenda chinangwa changa. Ndinamuuza kuti abwerenso ndiganize. Atabweranso, ndinavomera.

Kukonzekera kunayamba. Ndinapita ku Lilongwe kukatenga pasipoti, ndinajambulitsa nkhope yangayi, wojambula n'kumandiuza kuti ndimwetulire. Ndinamuuza kuti ajambule zimene zilipo. M'bokosi ndinali ndi jekete yakuda imene Mngerezi wina anandisiyira pochoka ku Beira. Njenjete zinali zitadya nsalu yam'kati. Ndinapita nayo kwa telala wa pakhonde pafupi ndi mzikiti kuboma, ndipo poyeza mapewa anandifunsa ngati ndikukakwatira. Nditamuuza kumene ndikupita anaimitsa makina, n'kuitana anzake a khonde lonselo kuti adzaone munthu wokwera ndege. Ndikanamuletsa. Sindinamuletse.

Chipwitikizi changa chinali chitachita dzimbiri. Ndinkachinola kumunda, ndikupalira chinangwa, kuyankhula ndi khasu. Mpamene ndinazindikira kuti ndinachiphunzira kukhitchini, kwa makhukhi ndi ogulitsa nsomba. Ndinkadziwa kunena kuti inde bwana, ndikubwera, madzi otentha, pepani. Kunena kuti chakumwachi chandikomera, kapena kuti sindikugwirizana nanu, sindinkadziwa. Panalibe amene anandifunsapo. Ndinasonkhanitsa mawu amene ndinali nawo n'kumangirira, monga msodzi amasokera ukonde ndi ulusi wa ukonde wina.

Mbiri inamveka Benga yense. Pamsika anayamba kunditchula kuti a Lisiboni, dzina la likulu la kwa Apwitikizi. Mnansi wanga, msodzi wa pakamwa posatseka, anandituma mbedza za kwa azungu. Mayi wina anandituma mankhwala a miyendo. Mlongo wanga anasankha mpunga wa faya, wosasweka, n'kuumanga m'kathumba koti ndikapatse mwini nyumba kumene tikagone, pakuti mlendo sapita chimanjamanja. Kutchalitchi analengeza, ndipo anandiimiritsa kutsogolo n'kundipempherera kuti ndiyende bwino pamwamba pa madzi. Ndinaima pamenepo ndi jekete yanga yakuda, mpingo wonse ukundiyang'ana. Ndinamva bwino. Sindibisa.

Maphunziro tinkachita Loweruka masana, m'chipinda chodyera cha hotela yomwe ija. Chitseko chake chinali chomwe chija, ndi chogwirira chake chamkuwa chimene ndinkachipukuta kale. Botolo lenileni la poti linalipo limodzi lokha, limene mzungu anasiya m'kabati ya manijala, ndipo anagwirizana kuti lidzatsegulidwe tsiku lomaliza. Masiku ena onse tinkagwiritsa ntchito madzi a chidede. Mlongo wanga ankawawiritsa Lachisanu, ine n'kuwanyamula m'chigubu pa matola. M'galasi ankaoneka ngati zenizeni.

Mwa anthu aja nditchula atatu. Woyamba ndi wapampando wa gululo. Ameneyu ndinkamudziwa kale. Nthawi ya chipani chimodzi ankaima pachipata cha msika kubweza amayi opanda khadi, mitanga ya nsomba ili pamutu. Tsopano anali wa chipani china, ndi suti ina, koma chala cholozera anthu chinali chomwe chija. Wachiwiri anali ahedi opuma ntchito, munthu wa ulemu, wokonda kufunsa chifukwa cha chilichonse. Wachitatu anali Alhaji wina wa malole, wa m'banja lakale la m'tauni. Iye ananeneratu kuti vinyo sakamwa. Akupita kukaona mainjini a maboti, koma patebulo akhala nawo kuti asaoneke wamwano.

Sanali ophunzira ophweka. Ankadzaza galasi mpaka m'milomo, n'kugugudiza kamodzi ngati kachasu. Ndinawauza kuti amathira pang'ono, amanunkhiza, amalawa, amadikira. Wapampando ankakumbatira botolo n'kuyamba kulankhula za chitukuko, anzake magalasi ali gwa. Ndinamuuza kuti botolo siligona pa munthu mmodzi. Anandiyang'ana ndi diso lija la pachipata cha msika, koma analikankha.

Mlandu waukulu unali wa dzanja. Angerezi aja ankakankha botolo patebulo ndi dzanja lamanzere, pakuti ndilo lili pafupi ndi wolandira. Ahedi anakana. Anati iwo aphunzitsa ana zaka zonsezi kuti chinthu chimaperekedwa ndi manja awiri, kapena lamanja, linalo litagwira pamkono. Lero akalambe n'kupatsa munthu wamkulu ngati Alhaji chinthu ndi dzanja lochitira zakuseri?

"Musavutike, ahedi," anatero Alhaji. "Chinthucho n'charamu kale. Dzanja lake ndi lomwelo."

Tinaseka tonse, ndi ine ndemwe. Ahedi anagonja, koma nthawi iliyonse pokankha botolo ankanong'ona kuti pepani.

Ndinawauzanso kuti m'kalabu muja madona ankanyamuka vinyoyu asanabwere, n'kusiya amuna okha. Wapampando anamenya tebulo n'kunena kuti zimenezo n'zachitsamunda, masiku ano amayi nawonso amakhala. Ndinavomera. Pa zimenezo ananena zoona. Za weta kutuluka sanatsutse aliyense. Popeza weta wina panalibe, ndinkachita mbali ziwiri. Ndinkaika botolo la chidede kutsogolo kwa wapampando, kupita kuchitseko, kutseka, kenaka kutsegulanso n'kubwera kudzawakonza zolakwa, ndili chiimire. Kukhala pansi ndinkasungira tsiku la botolo lenileni. Sindinafune kuononga lumbiro langa pa madzi a chidede.

Chinthu chimodzi chinkandilasa. M'galimoto mphwanga ankanditchula atsibweni. Tikalowa m'chipinda muja ndinkasanduka madala. Madala, bweretsani magalasi. Madala, tayambiraninso. Tsiku loyamba ndinati lilime laterereka. Koma lilime limene limaterereka malo amodzimodzi sabata iliyonse limadziwa chimene likuchita. Ndinameza. Ndinati pamaso pa anzake akufuna kuoneka wamkulu, ndipo mwana amene unamusambitsa umamukhululukira zambiri.

Loweruka lina ahedi anandifunsa kuti vinyo weniweniyo amakoma bwanji, n'ngotsekemera kapena n'ngowawa. Ndinayankha kuti lilime silibwerekedwa, akalawa okha. Anthu anaseka n'kupitiriza. Koma titatuluka, Alhaji anandipeza pakhonde ndikutsuka chigubu. Anaima pafupi, maso ali kumsewu.

"Mzee, m'chipinda muja tilimo awiri amene sitinalawepo," anatero motsitsa mawu. "Ine anandiletsa Mulungu. Inu anakuletsani ndani?"

Ndinati ndinadziletsa ndekha, ndipo ndinamuuza chifukwa chake. Sindidziwa chimene ndinamuuzira. Ngakhale mlongo wanga sankadziwa. Alhaji anangogwedeza mutu, n'kunena kuti tsiku lomaliza ndidzakhale kumanzere kwake. Iye sathira, ndiye gawo lake lidzakhala langa.

Tsiku lomaliza linafika, kutatsala sabata kuti tinyamuke. Mwera unali utaleka, dzuwa layamba kuwawa. Ndinafika m'mawa nditavala jekete yakuda. Manijala anatsegula kabati n'kundipatsa botolo. Ndinapukuta fumbi, ndinazula chotsekera, ndinayatsa kandulo kuseri kwa khosi kuti ndione masese akayamba kuyenda, monga ndinkachitira ku Beira. Fungo litakwera ndinaima kaye. Linali lomwe lija, ngati zipatso zouma zosungidwa m'bokosi lamatabwa. Dontho silinagwe pansalu.

Ndinayala tebulo la anthu khumi. Magalasi ndinawapukuta limodzilimodzi, kuwayang'anitsa kuwindo. Ndinaika mtedza wokazinga m'timbale. Mpando wanga ndinauika kumunsi, kumanzere kwa pokhala Alhaji, ndipo ndinaukankha ndi kuukoka kuti ndione ngati miyendo yake ili yolimba. Munthu wa zaka zanga, kuyesa mpando ngati mwana woyamba sukulu.

Anayamba kufika. Mphwanga analowa akuseweretsa makiyi a galimoto, n'kundipatsa moni akuyang'ana denga. Wapampando anafika pomalizira, ndipo sanali yekha. Anabwera ndi mkazi wake wamng'ono, wovala chilundu chatsopano ndi nsapato zazitali zimene zinkamuvuta poyenda. Mayiyo anabwera kwa ine, anapinda maondo, n'kundipatsa moni wa ulemu. Pa iye ndilibe mlandu. Ndikhulupirira sankadziwa kuti mpando umene akupatsidwa unali ndi mwini.

Ndinapita kukatenga vinyo pa kabati. Potembenuka, botolo lili m'manja, ndinaona mphwanga akukoka mpando wanga kuti mayiyo akhale. Anakoka bwino, monga ndinamuphunzitsira, osakwekwesa pansi. Onse anakhala. Mipando khumi, anthu khumi.

M'mbali mwa khoma munali mipando ina yosanjikiza. Ndinayenda pang'onopang'ono kuti wina apeze nthawi yodzuka n'kutengako umodzi. Palibe anadzuka. Ndinaika botolo kutsogolo kwa wapampando, n'kuima.

"Eya, madala," anatero wapampando akusisita manja, "apa paja weta amatani?"

Mwina sananene mwa nkhanza. Mwina ankangofuna kuonetsa mkazi wake kuti mwambo akuudziwa. Alhaji ndiye anatembenukira kwa mphwanga.

"Kodi atsibweni anuwa sakhala?"

Mawu akuti atsibweni anamveka m'chipinda muja koyamba, ndipo anatuluka pakamwa pa mlendo. Maso onse anapita kwa mphwanga. Iye anayang'ana galasi lake lopanda kanthu, n'kulizunguza pansalu.

"Lero tichite ndendende monga zikakhalire kumeneko," anatero. "Madala, mwambo uja."

Ndinawaphunzitsa ndekha. Ndikanati chiyani? Ndikanapempha mpando pamaso pa munthu wa pachipata cha msika? Ndinawerama pang'ono monga mwa ntchito, ndinayenda mpaka kuchitseko, ndinagwira mkuwa uja. Pokoka ndinaona wapampando akuthira pang'ono, n'kukankhira botolo kwa ahedi ndi dzanja lamanzere. Anachita bwino. Ndinatseka popanda phokoso.

Ndinakhala pakhonde, pa khoma lalifupi limene maweta amapumirapo. Patapita nthawi mphwanga anatuluka. Anayankhula zambiri, mofulumira. Anati wapampando anaumirira kuti mkazi wake apite. Anati mzungu anaimba lamya kuti kumeneko anthu ambiri amamva Chingerezi, womasulira safunika. Anati mpunga wa pachigayo chake umagulidwa kudzera mwa wapampandoyo, sakanatha kumukanira. Anati ulendo wina udzapezeka. Pano ndinali atsibweni kachiwiri. Mpweya wake unkanunkhira zipatso zouma zija.

Ndinamufunsa chinthu chimodzi, kuti anadziwa liti. Anazengereza, kenaka anati mwezi watha.

Mwezi watha. Ndiye kuti pamene ankandiimiritsa kutchalitchi, iye ankadziwa. Pamene mayi ake ankawiritsa chidede Lachisanu lililonse, iye ankadziwa. Anadikira kuti maphunziro athe.

Anati andiperekeze pagalimoto. Ndinatenga chigubu changa n'kupita kumsewu kukadikira matola. Ndinakwera kumbuyo pamodzi ndi madengu a usipa, jekete yakuda ili m'thupi.

Tsiku limene ananyamuka sindinabisale. Ndinadzuka monga mwa masiku onse, khasu paphewa, kudutsa pamjigo. Amayi anasiya kupopa n'kundipatsa moni wotsika. Mnansi wanga msodzi uja anali pakhomo pake akusoka ukonde.

"Mwabwerako kale, a Lisiboni? Ndege za masiku ano n'zothamanga. Nanga mbedza zanga?"

Ndinamuuza kuti mbedza akagule kuboma monga amuna anzake. Anaseka, koma atandiyang'ana kumaso anasiya. Lamulungu ndinapita kutchalitchi n'kukhala pabenchi yanga. Mkulu wa mpingo amene anandipempherera uja sanadziwe poika maso. Dzina la a Lisiboni silinachoke. Mpaka lero alipo amene amandiitana choncho, ndipo ana obadwa pambuyo pake amayesa ndi dzina langa lenileni.

Mlongo wanga analira tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anayamba kuikira mwana wake kumbuyo. Anati mwanayo anapanikizidwa, akulu akamakangana wamng'ono amapsa. Ndinamufunsa ngati anapanikizidwanso lilime kuti alephere kundiuza tili awiri. Kathumba ka mpunga wa faya anakamasula mwakachetechete, ndipo tinadya mpungawo ndi mpasa.

Gulu lija litabwerako, woyamba kumuona anali Alhaji. Anaimitsa lole yake pa Benga n'kutuma munthu kudzandiitana, ndipo tinakhala pamthunzi wa mango kuseri kwa magolosale. Anandiuza za phiri lodzala mphesa kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndi migolo yaikulu kuposa nyumba yanga. Kenaka anandiuza chimene anandiitanira. Anati kumeneko tebulo lathu lija sanalione. Ankalawa chiimire, m'nyumba zozizira za pansi, mtsikana wovala epuloni akuthirira aliyense pagalasi pake. Botolo silinazungulire kumanzere kapena kumanja. Ahedi atafunsa za mwambo wa dzanja, eni vinyo anaseka n'kunena kuti zimenezo n'za Angerezi. Ndiponso kumidzi ya mphesa kuja Chingerezi chinali chosowa. Tsiku lina gulu lonse linasochera, n'kumaloza pakamwa kuti lipeze chakudya.

Alhaji ankaganiza kuti nkhani yosocherayi indisangalatsa. Sinandisangalatse. Chimene ndinamva n'chakuti mwambo umene ndinausunga moyo wonse ngati chuma sunali ngakhale wa eni vinyo. Ntchito yake inagwira kamodzi kokha, Loweruka lija, ndipo inagwira pa ine.

Mphwanga anabwera patapita masiku. Unali m'mawa, ndili pampando wanga wa ndalema pakhonde. Mlongo wanga anali pamphasa kumanzere kwanga akusankha nyemba. Panalinso mkulu wa mpingo uja ndi mnansi msodzi, amene anaona galimoto n'kubwera ngati akudutsa. Mphwanga anatsika ndi kabokosi kamatabwa, anakatsegula, n'kutulutsa botolo lakuda. Ananjuta patsogolo panga, mawondo a buluku lake akukhudza dothi, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Atsibweni, uyu ndi wakale kuposa amene tinamwa tsiku lija. Ndinasankha ndekha."

Ndinaganiza. Ndinali pampando. Botolo linali litandipeza. Ndikanatha kuitanitsa kapu, lumbiro n'kutha, mtima wa mlongo wanga n'kukhala pansi. Koma botolo limeneli silinachokere kwa mnzanga wa patebulo. Linachokera kutsogolo, monga chimaperekedwa chovala chakale kwa wantchito wopuma. Ndinalandirapo zotere zambiri kwa azungu, ndipo ndinkathokoza. Kwa mwana amene ndinamulera, ayi.

Dzanja lamanja ndinalisiya pabondo. Ndinatambasula lamanzere, n'kuligwira pakhosi.

"Achimwene," anatero mlongo wanga, nyemba zikutayika m'lichero.

Mkulu wa mpingo anayang'ana pansi. Mphwanga anatsala chinjutire, manja ali m'malere, nkhope itagwa. Iye yekha ndi amene anamva zonse ziwiri, chipongwe cha kwathu ndi mwambo wa patebulo.

Botolo siligona pa munthu mmodzi. Ndinaliika pamphasa, n'kulikankhira kwa mlongo wanga. Ndinadzuka, ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko changa popanda phokoso.

Papita zaka. Wapampando uja anasinthanso chipani kawiri asanamwalire. Hotela inagulitsidwa kwa ena. Pasipoti inatha mphamvu yopanda chidindo ngakhale chimodzi, ndipo njenjete zinamaliza jekete. Mphwanga amatumiza feteleza chaka chilichonse kudzera kwa dalaivala wake, ndipo ndimalandira, pakuti munda sunandilakwire. Akabwera kudzaona mayi ake amandipatsa moni ali pabwalo, ine n'kuyankha ndili pakhonde. Sanakwerepo masitepe anga chiyambire tsiku lija, ndipo sindinamuitanepo. Anthu a m'banja anayesa kutikhazika pansi. Anati mphwanga analakwa kuseri kwa chitseko, ine ndinabwezera pabwalo. Ndinati m'chipinda muja munali anthu khumi, ndipo Benga yense anaona zotsatira zake.

Botolo lili kwa mlongo wanga, pamwamba pa kabati, m'kabokosi kake. Amalipukuta fumbi. Wakalamba nayenso, maso achita khungu pang'ono, koma nkhaniyi sanaisiye. Masiku apitawa ndinapita kukamuona akudwala chifuwa. Analoza pamwamba pa kabati n'kunena kuti tonse tatsala pang'ono, ndiitane mwanayo, tiyale nsalu pa katebulo kake, tikhale atatu. Anati iye akhala pakati pa ine ndi mwanayo, botolo lidutse m'manja mwake kuti lifike kwa ine kuchokera kumanja. Mwambo anaudziwa, kaya anamuuza ndani.

Ndinamuuza kuti woitana si ine. Amene anandiuza kuti nditseke chitseko ndi amene adzanene, pamaso pa anthu, kuti atsibweni lowani mukhale.

Anati ngati ndi choncho botolo lidzatsegulidwa pamaliro anga.

Ndinati alitsegule. Tsiku limenelo ndidzakhala chigonere, osati pampando.